Ndinagwela pa Gitala ya a Nesi

Anzanga, mundikhululukile kuti ndikuwelenga pa pepala. Amene amandidziwa angakuuzeni kuti ndikaimilila pamaso pa anthu lilime limauma, ndipo mau anga safika ngakhale pa mzele wachiwili. Ngati kumbuyoko simukumva, kwezani dzanja, ndiyesa kukweza mau.

Dzina langa ndine Maiwase, kwathu ndi ku Nyampande. Aphunzitsi atandipempha kuti ndilankhule ndi inu amene mwabwela kudzabweleza giledi naini, ndinayamba ndakana. Kenako ndinakuonani mmene munalowela pa geti m'mawa uja, maso pansi, mukuyenda m'mbali mwa mpanda kuti anzanu akale asakuoneni. Kayendedwe kameneko ndimakadziwa. Ndiye ndinabwelela kwa aphunzitsi n'kuvomela.

Ine ndinali mwana amene aphunzitsi sankamudela nkhawa. Sindinkasokosa, ndinkalemba mwaukhondo, ndipo pakafunika wolemba manotsi pa bolodi ankaitana ine. Kuyambila ndili wamng'ono ndimalemba za tsiku lililonse m'kabuku kanga, chifukwa zimene pakamwa pamakana, dzanja limavomela. Atata ankandinyadila. Ku dimba ankauza anzao kuti, "Uyu ndiye adzatitulutsa m'matope muno."

Tsiku la mayeso a masamu ndinatsegula pepala, funso loyamba n'kundivuta. Linali funso limodzi chabe, ndipo pansi pake panali ena ambili amene ndikanawakhoza. Koma m'mutu mwanga munayamba phokoso ngati la chigayo, ndipo maso anga anakana kuchoka pa funso loyambalo. Ndinalemba, n'kufufuta, n'kulembanso, n'kufufutanso mpaka pepala linabooka. Nditamva kuti tiike zolembela pansi, masamba ena ndinali ndisanawatsegule n'komwe. Pa mapepala otsatila, chigayocho chinkayamba ndisanakhale pa mpando.

Zotsatila zinabwela pa foni ya atata tili ku dimba. Iwo anali ataitana anansi kuti adzamve nao, poti sankakayika. Anawelenga, n'kupatsa foni mnzao wina kuti awelengenso, mwina maso awanamiza. Mnzaoyo anawelenga mokweza. Atata sanandikalipile. Anangotola ndowa n'kupitiliza kuthilila lepu. Bola akanandimenya.

Kuchokela pamenepo ndinatsetseleka msanga. Masukulu atatsegula, ahedi anatumiza uthenga kuti malo obweleza alipo. Ndinakana. Ndinkatunga madzi ana a sukulu asanayambe kudutsa, kenako n'kubisala m'nyumba. Kutchalitchi ndinasiya. Kabuku kanga ndinkakatsegula, n'kulemba tsiku pamwamba, n'kukatseka. M'mutu munatsala mau amodzi okha, mau a mnzao wa atata uja akuwelenga pa foni, ndipo ankazungulila osaleka: wafeluka, wafeluka, wafeluka.

Kuseli kwa nyumba yathu kuli amai ena amene amatcheza kachasu. Ndinayamba kuwathandiza kutunga madzi ozizilitsila paipi, chifukwa kumeneko sikudutsa ana a sukulu. Tsiku lina iwo atalowa m'nyumba, ndinakinga kachivundikilo ka botolo pa paipi n'kumwa. Kanandiotcha mpaka m'mimba, koma chigayo chija chinazima. Ndikuuzani zoona, chinazimadi. Kuopsa kwa mowa n'kumeneko: umachita zimene walonjeza, koma kwa kanthawi kochepa, ndipo chigayo chikayambanso chimabwela ndi ukali woposa. Kachivundikilo kanasanduka kapu. Ndinayamba kuba wothila m'kabotolo. Ndinaonda, ndinaphunzila kunama, ine amene sindinkatha ngakhale kuyang'ana munthu m'maso. Masana ena amama anandipeza kuseli kwa nkhokwe nditagona m'masanzi anga, nkhuku zikujompha pafupi ndi nkhope yanga. Ndinati ndi malungo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundipukuta ndi chitenje chao.

Mlungu womwewo anatulutsa siketi yanga ya yunifomu m'sutikesi. Anaikung'untha pamaso panga n'kunena kuti, "Nsalu siingaolele m'sutikesi pamene mng'ono wako Tisa akuvala zigamba. Mvula ikangogwa ndipita nayo kwa telala akaichepetse. Ngati ukali kuifuna, unene ndi pakamwa pako." Ndinadziwa tanthauzo lake. Siketi ikadulidwa, nkhani ya sukulu yatha, chifukwa atata sakanagulila ina mwana wokana yekha. Ndinangochokapo.

Nthawi imeneyo akulu anga a Esinati, amene ndimawatcha asisi, anali ndi pakati poyamba, masiku atayandikila. Iwo anakwatiwa ku Mwape, ku Nyimba. Mudzi wao uli kutali ndi kiliniki, ndiye anayenela kukakhala pa nyumba imene amai oyembekezela amadikililapo tsiku lao. Pamafunika wachibale wokaphika ndi kutunga madzi. Amama anati, "Pita iwe, ulibe chochita." Ndinapita, kabotolo nditakakwilila m'thumba la ufa.

Ku Nyimba mvula isanagwe kumatentha mpaka malata amalila okha. Amai oyembekezela ankagona pa mphasa pansi pa mtengo wa mango, miyendo yotupa, akudzikupiza ndi zivundikilo za mapoto. Asisi tulo tinali titawathawa. Anali ndi mantha, poti mnzao wa m'mudzi anataya mwana pobeleka. Wosatopa pakamwa anali mmodzi, Anyatembo, mai wa ana ambili amene ankati pa nyumbayi ndi kwao kwachiwili.

Mzamba wa pamenepo anali a Mwiinga, mai wamfupi wa magalasi, amene anali atangotumizidwa kumene kuchokela ku chigawo cha kummwela. Chinyanja chao chinali chokhotakhota, ndipo Anyatembo ankawaseka nacho poyela. Loweluka lina dzuwa litapendeka tinawaona akubwela atavala zakunyumba, atabeleka gitala ya magetsi kumsana, a Lungu olondela pa kiliniki akuwakankhila wilibala. Mu wilibalamo munali batile ya sola, kasipika, ndi timabokosi tachitsulo tolumikizana ndi mawaya. A Mwiinga anayala chitenje pansi, n'kundandalika timabokosito, n'kuvula nsapato.

Amai anasangalala. Ena anadzuka n'kumanga zitenje m'chiuno, pansi pa mimba.

"Lelo tivina mpaka ana atuluke okha!" anatelo Anyatembo.

A Mwiinga anakhala pa benchi n'kutseka maso. Ndinaona chala chao chikukhudza nsambo, koma kukhudzako sindinakumve. Mau anachita kubwela pambuyo, pang'onopang'ono, ngati munthu amene ukumuona akuyandikila kuchokela kutali m'njila. Anatalika, anatalika, osatha. Phazi lao linaponda kabokosi kamodzi. Anakhudza nsambo ina, mau achiwili n'kugona pamwamba pa oyamba aja, amene anali asanachoke.

Amai ovina aja anaima, manja m'chiuno, akudikila. Kwathu kuno munthu akagwila gitala amayamba wachuna kaye nsambo, kenako nyimbo imagwa, ng'oma n'kulowa. Ndiye tonse tinkaganiza kuti akali kuchuna. Tinadikila. Mai wina miyendo inamutopa, n'kukhala pansi. Wina n'kukhalanso.

"A Nesi," anatelo Anyatembo, "mukatsiliza kuchuna mutidzutse."

"Ndayamba kale, amai," anayankha a Mwiinga, maso ali chitsekele.

Anthu anaseka mpaka kugwila mimba.

"Mwayamba? Mama ine! Nanga nyimbo ili kuti? Mau ali kuti? Povinila ndi pati? Gitala yanuyi ili ndi malungo, imveni kubuula kwake. Ibayeni jekeseni!"

A Mwiinga anangomwetulila, osaleka kuimba.

Koma palibe amene anachoka. Ine ndinali kumbuyo pa khitchini ndikukwecha mphika ndi mchenga, ndipo ndinangozindikila kuti dzanja laima. Sindidziwa ngati ndingathe kukufotokozelani bwino. Sinali nyimbo yoti ungaiimbe popita ku chitsime. Inalibe poyambila penipeni, inalibe kolasi. Mau ankabwela, n'kufutukuka, n'kuzilala, ena akubadwa kale pansi pake. Ena anali okhuthala, omveka m'chifuwa kuposa m'khutu. Ena anali opyapyala, onyezimila ngati ulusi wa kangaude m'mawa. Ndipo pakati pake panali malo. Njiwa ikalila mu mtengo wa mango, inkalowa m'nyimbomo ngati a Nesi anachita kupangana nayo.

Nyimbo zonse zimene ndinkazidziwa zinkandiuza chochita: vina, lila, lapa, kondwela. Iyi sinandipemphe kanthu. Sinandifunse kuti ndinapeza mamakisi angati pa mayeso. Inangotseguka ngati chitseko cha nyumba yozizila, ukafuna ulowe. Ndipo chigayo chija, chimene miyezi yonseyo chinkangomvela kachasu, chinayamba kuzungulila mofooka ngati chathela mafuta.

Atatsiliza panalibe woomba m'manja. Asisi anali mtulo, pakamwa pali yasa. Anthu anayamba kukambilana motsitsa mau zimene amva. Mai wina anati anamva mvula ikubwela kuchokela kumapili. A Lungu, amene paunyamata wao anakumbako golide ku Sasare, anati ndi mmene mphepo imalilila pakamwa pa mgodi. Asisi atadzuka anati zinali ngati malole akamatsika mtunda pa mseu waukulu, iwe uli kutali m'nyumba mwako, ukudziwa kuti sakukhudza. Anyatembo anati, "Ine sindinamve kanthu. Koma mwana uyu, amene amandimenya mateche tsiku lonse ngati ndinamudyela mbuzi, wagona."

Kuyambila pamenepo a Mwiinga ankabwela masana alionse akakhala kuti sali pa ntchito, ndipo ine ndinkasendeza mphika wanga pafupi, lelo pang'ono, mailo pang'ono. Ndinkayang'ana mapazi ao kuposa manja. Ndinazindikila kuti kabokosi kamodzi kamasunga zimene aimba. Akakaponda kamagwila mau, kenako kamawabweza n'kumawazungulitsa, iwo akusanjikiza ena pamwamba. Kabokosi kena kamatalikitsa mau, ngati ukuitana munthu m'tchalitchi chopanda anthu. Kachala kao kakang'ono kankapotokola kabatani ka pa gitala, ndipo ndiko kankabisa kukhudza kwa nsambo kuja. Ndinaonanso kuti akaponda kawili msangamsanga zonse zimafufutika, kumakhala zii.

Koma musaganize kuti ndinali nditachila. Nyimbo ikatha chigayo chinkabwelela, ndipo dzanja langa linkapita m'thumba la ufa.

Ndifike pa tsiku lenileni. M'mawa mwake pa mjigo mai wina anandifunsa mwaubwino chabe kuti, "Nanga iwe sukulu? Anzako sali m'kalasi lelo?" Ndinasenza ndowa n'kuchokapo. Ndinabwelela n'kumwa kuposa masiku onse, m'mimba mulibe kanthu. Masana asisi anandituma madzi akumwa. Pobwela, ndowa ili pamutu, ndinapeza a Mwiinga atayamba, phazi lili pa kabokosi kosunga mau. Njila inali yotakasuka, koma miyendo sinali yanga. Ndinapunthwa pa muzu wa mango. Ndowa inagwela kumbali, madzi n'kutayikila m'fumbi, mwamwayi kutali ndi batile. Ine ndinagwela kutsogolo, dzanja langa n'kumenya nsambo za gitala.

Ngweee!

Linali phokoso loipa, ngati lata likung'ambika. Anthu anaseka. Ndinadzuka, n'kutola ndowa kuti ndithawe. Ndisanapite patali ndinalimvanso. Ngweee! Kabokosi kanali kataligwila. Kanalizungulitsa n'kulibweza, ndipo amai anaseka kuposa poyamba.

"Eya! Tsopano nyimbo yayamba!" anakuwa Anyatembo. "Mng'ono wa a Esinati ndiye katswili!"

Ngweee! Linabwelanso. Ndinaima kuseli kwa mtengo, ndowa m'manja. Chimene chinkachitika m'mutu mwanga chaka chonse tsopano chinali panja, pa sipika, aliyense akumva: kulakwa kwanga kukubwela, kukubwelanso, kukubwelanso. Ndinayang'ana phazi la a Mwiinga. Mumtima ndinkawachondelela kuti pondani kawili, chonde pondani kawili, zifufutike.

Sanaponde. Anapendeketsa mutu ngati munthu womvetsela mwana amene akuphunzila kulankhula. Analisiya libwele, n'kulisiyanso libwele. Kenako chala chao chinafunafuna pa khosi la gitala, n'kupeza mau amodzi okhuthala, n'kuwaika pansi penipeni pa phokoso langa, mmene timaikila nkhata pansi pa ndowa. Litabwelanso silinagwe lokha, linagwela pa chinthu chofewa. Anaika mau ena patsogolo pake, okwela pang'onopang'ono ngati akulilambulila njila. Anaika ena pambuyo pake, olilandila. Kuseka kunachepa, n'kutha.

Ndipo ndinazindikila chinthu china. Likazungulila, linkabwela litachepako. Ukali wake unkatha. Linayamba kumveka ngati belu la tchalitchi cha mudzi wina, kutsidya kwa dambo. Ndinangodabwa kuti ndikuliyembekezela, koma osati ndi mantha. Enanso ankaliyembekezela, chifukwa likayandikila amai ena ankagwedeza mutu. Pomalizila linatsala laling'ono kwambili, likunyezimila pansi pa mau ena onse, ndipo munthu wofika kumene akanalumbila kuti a Nesi analiikapo dala.

Masana amenewo ndi pamene anthu anaomba m'manja koyamba.

Amai atabalalika kukasonkha moto, a Mwiinga anandiitana. "Iwe mng'ono wa a Esinati, bwela undithandize kukulunga mawaya."

Ndinagwada pa chitenje. "Pepani, a Nesi. Ndakuonongelani nyimbo."

"Wamva wina akudandaula? Mau aja ine ndekha sindikanawapeza. Zala zanga ndi zaulemu kwambili."

"Bwanji simunafufute?" Sindidziwa kumene ndinatenga mphamvu zofunsila.

"Ndikanafufuta zikanapita zonse, ndi zabwino zomwe zimene ndinali nditaika kale. Kabokosi aka sikasankha." Anakagogoda ndi chala. "Koma ndinakatchela mwakuti ndikamaika zatsopano, zakale zimazilala pang'onopang'ono. Ndikangopinda manja osaikapo kanthu, kadzabweleza phokoso lija chimodzimodzi, ndi mphamvu yomweyo, mpaka batile ithe."

Sanali kundilalikila, ankangofotokoza za kabokosi kao. Koma ine waya unandigwa m'manja. Chaka chonse ndinali nditapinda manja.

"Dzina lako ndani?"

"Maiwase."

"Maiwase, ine ndine mzamba, mphuno yanga imagwila ntchito. Kupatula chimene ndikununkhizachi, lelo wadya chiyani?"

Ndinalila mmene sindinalilepo chitulukile zotsatila zija. Ndinawauza zonse, za funso loyamba, za foni ku dimba, za nkhokwe, za siketi. Sanadabwe ndipo sanandidule. Anadikila mmene amadikilila mau a gitala kuti athe okha. Kenako anati, "Mvela. Gitala siichilitsa munthu, asakunamize wina. Imangomupatsa popumila. Mailo m'mawa ubwele ku kiliniki tikambilane ngati nesi ndi wodwala. Koma akulu ako uwauze wekha, lelo, dzuwa lisanalowe."

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinachita, mwina zina zingakuthandizeni.

Ndinayamba ndi kuuza asisi. Ndinafukula kabotolo m'thumba la ufa n'kukaika patsogolo pao. Iwo anati, "Ndinadziwa kale, mwana iwe. Phala lako limanunkha ngati shabini. Ndimadikila kuti unene wekha." Tinapita tonse kuchimbudzi, iwo akuyenda pang'onopang'ono atagwila msana, ndipo ndinakhuthula ndi dzanja langa. Chinsinsi chikatuluka pakamwa chimachepa msinkhu. Ngati muli nacho chanu, sankhani munthu mmodzi, osati gulu.

M'mawa ndinapita ku kiliniki. A Mwiinga anandipima, n'kundiuza osabisa zimene kachasu amachita m'thupi la munthu wa msinkhu wanga. Anati masiku oyamba manja adzanjenjemela ndipo ndidzakwiya popanda chifukwa, ndipo zinachitikadi. Anandilamula kudya ngakhale ndisakufuna. Anandiphunzitsa kupuma motsatila gitala, kukoka mpweya mau akamakula, kuutulutsa akamazilala. Anatinso ndikabwelela kwathu ndikaonane ndi aphunzitsi olangiza ana, ndipo ndinatelo.

Nditawauza za kabuku kanga anati, "Usalembe za tsiku lonse. Lemba mzele umodzi." Mzele woyamba umene ndinalemba unali wakuti, lelo ndadya nthochi ndipo sindinamwe. Sunali wokongola. Koma tsiku lotsatila unapeza mnzake.

Ndinayesa kujambula nyimbo yao pa foni ya asisi kuti ndipite nayo kwathu. Pomvetsela inangolila ngati udzudzu. Ndinawapempha kuti aimbenso ya tsiku limene ndinagwa. Anaseka. "Ija inapita, Maiwase. Ndiitenga kuti? Pokhapokha ugwenso." Anati saimba nyimbo imodzi kawili, chifukwa amayamba amvetsela kaye amene akhala pa mphasa, mphepo ya tsikulo, ngakhale kutopa kwao komwe, kenako zala zimatsatila. Ndiye ukafuna kuimva uyenela kukhalapo, wamaso, mutu uli bwino. Chimenechi chinandithandiza kuposa mmene iwo ankadziwila. Dzanja likafuna kabotolo, ndinkakumbukila kuti ya masana ano ikandipita, sidzabwelanso.

Masana otsiliza ndili kumeneko, asisi atabeleka kale mwana wamkazi wathanzi, kunabwela mai watsopano. Anakhala, anadikila, kenako anafunsa mokweza kuti, "Kodi a Nesi ayamba liti?" Anyatembo anamugunda ndi chigongono. "Chete iwe. Ayamba kale."

Ndinafika ku Nyampande mvula yoyamba itangogwa. Siketi inali kale m'pulasitiki pa msomali wa pafupi ndi chitseko, ikudikila ulendo wa kwa telala ku Petauke. Amama anali pakhonde akusankha mbewu ya nshawa. Ndinaima patsogolo pao mpaka anakweza maso.

"Amama, siketi ija musapite nayo."

"Wati chiyani? Kweza mau, ine za m'mphuno sindimva."

"Ndikuifuna. Ndibwelela ku sukulu."

Anapitiliza kusankha nshawa. "Nanga malungo ako aja a kuseli kwa nkhokwe?"

"Sanali malungo, amama."

"Ndikudziwa." Anaika lichelo pansi n'kupita okha kwa amai otcheza kachasu aja, kukawauza kuti akadzandionanso pa paipi adzaitane iwo. Tisa analila chifukwa cha siketi. Masukulu atatsegula ndinapeza atata m'mawa akupopa matayala a njinga, ndipo anandikweza mpaka pa khomo la ahedi.

Sizinali zophweka, ndipo kwa inunso sizikhala zophweka. Ndinakhala kalasi imodzi ndi ana amene kale ankandipatsa njila. Ankanditcha agogo. Nditalephela masamu pa mayeso a pakati pa temu, ndinagwanso: ndinamwa pa ukwati wina wa m'mudzi. Koma m'mawa mwake ndinauza amama, Lolemba ndinavala siketi n'kupita kukauza aphunzitsi olangiza. Kugwa kwachiwili sikufufuta masiku abwino amene munaika kale. Ikanipo tsiku lina pamwamba.

Tsiku la masamu litafikanso, funso loyamba linandivutanso. Sindikuonjeza. Chigayo chinayamba. Ndinaika cholembela pansi, ndinakoka mpweya mmene mau aja amakulila, ndinautulutsa mmene amazilalila. Funsolo sindinalimbane nalo. Ndinalisiya pamenepo n'kupita pa lachiwili, kenako lachitatu. Nditabwelela kwa loyamba nthawi ili pafupi kutha, linali likali lovuta, koma linali laling'ono, funso limodzi pakati pa ambili.

Sindinapose onse. Ndinapeza malo a giledi teni, basi. Ulendo uno atata anawelenga foni ali okha, kenako anazungulila nayo madimba onse.

Mau aja akuti wafeluka amabwelabe nthawi zina, sindikunamizani kuti anatha. Koma tsopano amamveka patali, pansi pa zina zambili. Pa holide ndimapita ku Mwape kukaona mwana wa asisi, ndipo ndikamva kuti a Mwiinga sali pa ntchito masana, ndimayenda mtunda wonse kukakhala pansi pa mango uja pakati pa amai osawadziwa. Ndikali kudabwa kuti munthu mmodzi, ndi nsambo ndi mapazi opanda nsapato, angamange malo aakulu chotelo oti anthu otopa apumilemo.

Inu mwalowa pa geti. Musadikile tsiku loyamba, mwayamba kale. Mailo belu likalila mubwelenso, ndipo muyende pakati pa njila.

Zikomo pondimvetsela mpaka kumbuyoko. Siketi imene ndavalayi ndi yomwe ija. Kwa telala inapitadi, koma anachita kuifutukula, chifukwa ndanenepako. Tisa akali kuiyang'ana ndikaiyanika pa chingwe. Ndamuuza kuti adikile.